Mutu 6: Tulo ta m'Botolo

1. Malangizo a pakhomo

Namasiku anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo anali mu Giredi 12. Analinso ndi mwana wamwamuna wa miyezi isanu ndi itatu, dzina lake Nawa.

Atabereka anakhala pakhomo teremu imodzi, kenako anabwerera kusukulu. Masiku a sukulu, amayi ake, ba Nalishebo, ankapita naye mwanayo ku Maramba Market kumene ankagulitsa nsomba zouma. Nawa ankagona m'katoni pansi pa tebulo, ndipo akadzuka azimayi a mumzere wa nsomba ankangolandizana.

Koma Loweruka lina nsomba zinali zitatha, ndipo ba Nalishebo ankapita ku Mambova kukaoda zina. Ulendo wa pagalimoto yopanda denga, m'fumbi ndi dzuwa la Okutobala, sunali woyenda ndi khanda. Nawa anayenera kutsala ndi mayi wake. Tsono Lolemba lake Namasiku ankalemba mayeso a masamu, phunziro limene linkamuvuta kuposa onse.

Ba Nalishebo anaima pakhomo, matumba opanda kanthu ali m'khwapa.

"Namasiku, mvela bwino," anatero. "Mwana uyu akumela mano. Waona mwamene alumila chala? Nkhama zatupa, ndiye chifukwa alila. Usamukalipile. Umuyamwitse pafupipafupi, ngakhale ayamwe pang'ono chabe, chifukwa dzuwa ili limaumitsa mwana msanga kupambana munthu mkulu. Madzi owilitsa ali mu botolo, umupatse na sipuni. Phala nasiya mu poto. Akakana usamukakamize, yembekeza, uyesenso. Thupi likapya, umupukute na kansalu konyowa. Akatsegula m'mimba usayembekeze ine, thamangila ku kiliniki. Ndipo usamumwetse chilichonse chamene sanalembe ba nesi. Wamvela?"

"Namvela, ba Mami," anayankha Namasiku, maso ali m'buku.

"Wamvela na matu, mutu uli ku manambala. Niziwa mayeso ni Mande. Nifuna upase, mwana wanga, kupambana mwamene ufunila iwe. Koma buku ungaitseke manje, ukaitsegule mazulo, uzaipeza ili chimodzimodzi. Mwana sali choncho."

Atatero anagwira Nawa patsaya, n'kutuluka.

2. Nawa akana zonse

Pofika naini koloko malata anali atatentha kale. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, kotero kafani ka pawindo kanangoti duu. Nawa anayamba kulira.

Namasiku anamuika kubere. Mwana anayamwa pang'ono, n'kuluma, n'kulavula. Anamupatsa phala, koma mwanayo anakankha supuni, phala n'kutayikira pabuku. Anamubereka kumbuyo n'kumayendayenda m'chipinda, pepala la mafunso lili m'manja. Akangoima kuti alembe, mwana ankapinda msana n'kukuwa koposa.

Namasiku anali atatha masiku atatu osagona bwino. Funso loyamba analiwerenga kasanu osamva kanthu. Kenako anamasula chitenje, n'kumutsitsira mwana pamatiresi mwamphamvu.

"Khala chete, iwe! Ufuna chani kwa ine?" anakuwa.

Panja panamveka kutsokomola. Anali ba Mwangelwa, eni nyumba, amene ankakhala m'nyumba ya kutsogolo pabwalo lomwelo. Anali bambo wachikulire amene anapuma ntchito ya njanji. Tsiku limenelo anali atavala jekete lakuda, popeza ankapita kumaliro a mnzawo wakale.

"Mubweletse kuno mzukulu wanga," anatero, poti ankamutchula choncho Nawa ngakhale panalibe ubale.

Namasiku anatuluka naye mwamanyazi. Ba Mwangelwa anasamba m'manja pampopi, anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, n'kuyamba kusisita nkhama za mwana ndi chala. Nawa analuma chalacho, kulira n'kuchepa.

"Khala pansi, amake Nawa, nikuuze," anatero ba Mwangelwa. "Ine ana asanu ninalela nekha, amai awo atamwalila. Wotsiliza anali na miyezi khumi. Nenze kubwela ku nchito na mafuta a injini m'manja, napeza alila, nalephela na kudya. Tsiku lina ninamuika pa bedi, natuluka panja, nalila ine mwine. Siniseka munthu wotopa na mwana. Koma ninaphunzila chinthu chimodzi. Mwana alibe mawu, kulila ndiye kukamba kwake. Njala ili na kalilidwe kake, kutentha kuli na kake, kuwawa kuli na kake. Nchito ya kholo ni kumvetsela mpaka uziwe chamene akamba. Ukakalipa, mwana amvela ukali m'manja mwako, ndipo alila maningi. Ukaona mtima wapya, muike pamalo pabwino, utuluke, umwe madzi, uitane munthu. Si manyazi kuitana munthu. Ine mwana wolila sanivutitsa. Wamene niopa ni uja ali zii."

Anamubwezera mwana, n'kudzisasa fumbi.

"Malilo akatha nizabwela, cha m'ma fifitini awazi, fili koloko ya masana. Nizamunyamula mpaka amai ako afike, iwe uwelenge. Pilila chabe maola aya."

"Zikomo, ba Shikulu," anatero Namasiku, amene ankawaitana choncho ngati agogo ake.

Koma chipata chitangotsekeka, Nawa anayambiranso.

3. Keziah abwera ndi nzeru

Cha m'ma leveni koloko kunafika Keziah. Anali mnzake wa Namasiku kuyambira ku pulayimale, koma iye anasiyira sukulu mu Giredi 10. Tsopano ankagwira ntchito yolera ana m'nyumba ina ya anthu olemera kufupi ndi tauni. Anali atapatsidwa tchuthi cha Loweruka.

"Awe shuwa, Nama! Namumvela kuchokela ku msewu," anatero Keziah akutseka makutu. "Manje uwelenga bwanji mu chongo chonchi?"

"Siniwelenga. Kuyambila m'mawa nili pa funso imodzi."

"Ndipo Mande ni masamu? Iwe, uzafeluka mayeso. Unabwelela kusukulu, anthu anakuseka chaka chonse, manje ufeluke chifukwa cha mano awili?"

 Misozi inalengeza m'maso mwa Namasiku.

Keziah anatsegula kachikwama kake, n'kutulutsa botolo laling'ono la mankhwala ofiira a madzi.

"Ona. Uyu ni mankhwala wa chifuwa chabe, koma umagoneka. Ana a ba madamu akanivuta, nimawapatsa kachivindikilo kamodzi. Mphindi khumi, agona. Ine nachapa, nasita, naonelela na filimu."

Namasiku anatenga botololo n'kulitembenuza. Kumbuyo kunali timalemba ting'onoting'ono. Anawerenga pang'onopang'ono.

"Apa alemba ati osapatsa ana ang'ono. Ana a ba madamu ali na zaka zingati?"

"Wina seveni, wina naini. Koma mwana ni mwana. Vamene amalemba apo ni voopseza chabe. Uchepetseko pang'ono ngati uopa."

"Ba Mami anakana."

"Ba Mami ako ali ku Mambova. Ni iwo azakulembela mayeso? Ine nakuthandiza chabe."

Keziah anaika botolo pawindo. Anacheza pang'ono, koma phokoso linamutopetsa, ndipo anatsanzika.

4. Chivindikiro chimodzi, kenako china

Kwa ola lathunthu Namasiku sanalikhudze botololo. Anamusambitsa Nawa m'beseni. Anamuimbira. Anayesa kusisita nkhama monga anachitira ba Mwangelwa, koma mwana anapotoza mutu, nkhope ili psuu, thukuta lili chuchuchu.

Anayang'ana nthawi pafoni. Kunali kutatsala maola atatu kuti ba Mwangelwa abwere. Anayang'ana pepala la mafunso. Anayang'ana pawindo.

Kenako anaimirira, anatseka chitseko, n'kutsegula botolo.

Anathira mankhwala m'chivindikiro, anamupanikiza mwana pamiyendo, n'kumumwetsa. Nawa anatsamwa, ena n'kutsikira pachibwano. Namasiku anadikira mphindi khumi. Mwana ankalirabe.

"Wataya yonse," anatero yekha. Anathira chivindikiro china chodzaza, ndipo ulendo uno anamugwira chibwano mpaka anameza.

Kulira kunayamba kufooka. Timanja timene tinkakoka bulauzi yake tinamasuka. Posakhalitsa Nawa anali gone. Namasiku anamugoneka pamatiresi, anaponya botolo m'chikwama cha sukulu, n'kukhala patebulo.

M'nyumba munali bata. Funso loyamba analitha. Lachiwiri analithanso. Anamaliza pepala lonse la chaka chatha, n'kuyamba lina. Manambala amene ankamuzunguza mutu anayamba kumveka, mwakuti pena anamwetulira. Sanacheuke ngakhale kamodzi.

Chimene chinamudzidzimutsa ndi kunyowa kwa bulauzi. Mabere anali atadzaza mpaka kuwawa. Anayang'ana foni, n'kuona kuti papita maola oposa atatu mwana asanayamwe.

"Nawa, uka uyamwe," anatero akumunyamula.

Mutu wa mwana unagwera kumbuyo. Manja analendewera ngati nsanza yonyowa. Namasiku anamuika bere pakamwa, koma milomo sinagwire. Anamugwedeza phazi, anamuwuzira kumaso, anamuitana katatu. Maso anatseguka pang'ono, kukuoneka koyera kokha, n'kutsekekanso.

Nthawi yomweyo chipata chinalira.

"Odi kuno! Kwakhala zii bwanji? Agona mzukulu wanga?" anafunsa ba Mwangelwa.

Namasiku anatuluka, mwana ali m'manja. Ba Mwangelwa anaika khutu pachifuwa cha mwana. Mpweya unkatuluka mwapatalipatali. Milomo inali itayamba kuda.

"Tenga khadi yake ya kusikelo. Msanga!"

Namasiku analowa, n'kutola chikwama cha sukulu mmene munkakhala khadiyo. Ba Mwangelwa anali kale pakati pa msewu, jekete lili m'manja, akuimitsa takisi.

5. "Mwamupatsa chani?"

Kukiliniki anthu a pamzere atangoona mwanayo anapatuka okha. Namwino wamkulu, ba Sista Mweetwa, anamulandira n'kumugoneka patebulo. Anamutsegula zikope, anamuwunika ndi tochi, anawerenga kapumidwe kake, n'kumuveka kachipangizo ka mpweya pamphuno.

"Mai wa mwana ni ndani?"

"Ndine, ba Sista."

"Anagwa?"

"Iyayi."

"Anakomoka? Anasanza?"

"Iyayi. Anali kulila chabe, ndiye anagona."

"Mwamupatsa chani?"

Namasiku anayang'ana pansi. "Phala na madzi."

"China?"

"Palibe."

Ba Sista Mweetwa anauza namwino mnzawo kuti aitane ambulansi. Kenako anatembenuka, n'kumuyang'ana Namasiku m'maso.

"Mvela, mtsikana. Nagwila nchito iyi zaka makumi awili. Mano sagoneka mwana chonchi. Tulo utu si twa Mulungu, ni twa m'botolo. Siniziwa chabe kuti ni botolo iti. Amai ambili afika pa tebulo iyi. Ena anapatsa mankhwala a chifuwa, ena mapilisi a ambuya, ena kamowa pang'ono, ati mwana apumule. Palibe anafuna kupha mwana wake. Onse anali otopa. Koma thupi la khanda ni laling'ono, chiwindi chake chikalibe kukhwima. Chamene chigoneka munthu mkulu, kwa mwana chingaimitse mpweya. Manje ine sinine wapolisi, sinine mai wako. Ukanibisila, madokotala azataya nthawi kufunafuna matenda yamene kulibe, ndipo nthawi ndiye yamene mwana uyu alibe. Manyazi yako yazapola. Sankha wekha."

M'chipindamo munangomveka kufwenthera kwa chipangizo cha mpweya. Ba Mwangelwa anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

Namasiku anatsegula chikwama. Mabuku anagwera pansi. Anatulutsa botolo lija n'kulipereka.

"Zingati?" anafunsa ba Sista akuwerenga malembo.

"Zivindikilo ziwili."

"Nthawi yanji?"

"Cha m'ma thwelofu."

Ba Sista analemba zonse pakapepala, n'kukulungira pamodzi ndi botolo. "Wachedwa, koma wakamba," anatero. "Kwela na mwana."

Ambulansi inatulukira mu Mosi-oa-Tunya Road ikulira. Kunja anthu ankagula zinthu m'masitolo, alendo ankajambulana zithunzi, anyamata ankaitanira mabasi. Namasiku anagwira kaphazi ka mwana wake njira yonse. Kanali kozizira.

6. Pabenchi

Kuchipatala chachikulu anamutenga Nawa n'kulowa naye m'chipinda cha ana odwala kwambiri. Anamuika madzi a m'mitsempha padzanja. Anamwino anauza Namasiku kuti adikire panja, pabenchi.

Ba Mwangelwa anafika pambuyo pake n'kukhala pambali. 

"Nenze ninakamba kuti nizabwela," anatero.

"Munakamba, ba Shikulu."



Dzuwa litapendeka, ba Nalishebo anatulukira m'khonde akuthamanga. Ba Mwangelwa anali atawaimbira foni, ndipo iwo anasiya matumba a nsomba m'manja mwa mnzawo pasiteshoni. Fumbi linali mbuu m'miyendo ndi m'nsidze. Namasiku anagwada pansi.

"Ba Mami, nikhululukileni."

Ba Nalishebo anamudutsa n'kukasuzumira pagalasi la chitseko. Anaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa. Atabwerera anakhala pabenchi, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Nyamuka, anthu akuona. Sinizakumenya. Kukumenya sikuzamuutsa. Iwe unali wolila kupambana uyu, Namasiku. Miyezi itatu unalila tsiku lililonse, anansi anadandaula, atate ako anasamukila pa mpando. Ninakubeleka kumbuyo mpaka msana unatupa. Panalibe chanzelu chamene ninachita, ninapilila chabe, ndipo zinapita. Zonse za mwana zimapita. Mano amamela, kulila kumatha, mawa ayamba kukwawa, mawa lina akuthawa ukamuitana. Chamene sichipita ni chamene wamuchita iwe pofuna njila yachidule. Naine nili na mlandu. Ninaona maso yako kuti watopa, koma ninaganiza za nsomba."

Namasiku analira mosatulutsa mawu.

Chitseko chinatseguka, ndipo panatuluka dokotala wamkazi. Onse atatu anaimirira.

"Apuma bwinoko kuposa mmene anabwelela," anatero dokotala. "Botolo ija yatithandiza kudziwa chochita. Koma akalibe kuuka, ndipo thupi linauma maningi. Sitingalonjeze kanthu lelo. Tizaona mawa. Mai wa mwana akame mkaka, tizamupatsa na kapaipi."

Dokotala atachoka, ba Nalishebo anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Pali china ufunika kudziwa," anatero. "Nili m'njila ninatumila foni ku Simonga."

Namasiku anadzidzimuka. Ku Simonga kunali kwawo kwa Fanwell, bambo wake wa Nawa. Mnyamatayo anapita ku Lusaka mimba itangodziwika, ndipo sanabwerenso. Abale ake anaona mwanayo kamodzi kokha, ali ndi sabata ziwiri.

"Ba Mami, chifukwa chani?"

"Mwana akadwala chonchi sabisika. Chikachitika choipa, azatifunsa kuti tinakhalilanji chete."

"Munawauza zonse?"

"Ananifunsa chamene chachitika. Sinikananama."

Sipanapite nthawi yaitali, kumapeto kwa khonde kunaoneka mayi wamtali, wovala duku loyera. Ankayenda mosafulumira, akuwerenga zikwangwani za pazitseko. Namasiku anawazindikira. Anali ba Lonah, amayi ake a Fanwell.

Ba Lonah anapereka moni kwa ba Mwangelwa. Anaperekanso moni kwa ba Nalishebo, n'kufunsa za ulendo. Namasiku anagwada n'kutambasula dzanja, koma iwo sanalilandire. Anakasuzumira pagalasi, kenako anabwerera n'kuima patsogolo pa benchi.

"Amake Namasiku," anatero, "ise tinakhala chete miyezi yonse iyi chifukwa mwana wathu ndiye analakwa. Koma lelo namvela zamene sininamvelepo. Uyu mtsikana afuna sukulu, mulekeni aphunzile. Takambilana kunyumba nisanabwele. Mzukulu wanga akauka, sabwelela ku Maramba. Nizapita naye ku Simonga."

Namasiku anatembenukira kwa amayi ake, kudikira kuti akane. Ba Nalishebo anangoyang'ana pansi.